Holy Loch: Doko la Amereka Limene Linkayandama ku Scotland

Holy Loch si nyanja yoti munthu n'kuichitira mantha. Ndi kamkono chabe ka madzi kamene kanalowa kumtunda kuchokera ku Firth of Clyde, kumadzulo kwa Scotland, pakati pa mapiri ndi timidzi ta Sandbank ndi Kilmun, pafupi ndi tauni ya Dunoon. Eni dera amati dzina lake, lotanthauza nyanja yopatulika, linadza chifukwa cha Munn, mlaliki wa ku Ireland amene akuti anakocheza pamenepa kalekale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali apamadzi a Britain ankaimikapo sitima zawo zoyenda pansi pa madzi, poti malowa ndi akuya komanso obisika ku mafunde.

Chimene chinaitana Amereka ndi kuchepa mphamvu kwa mzinga wawo. Polaris woyamba, mzinga wa nyukiliya woponyedwa sitima ili pansi pa nyanja, unkangofika makilomita pafupifupi 2,200. Sitima yonyamukira kwawo ku America inkathera masiku ambiri panjira isanayandikire Soviet Union, pobwerera chimodzimodzi. Panafunika pofikira kutsidya. M'mwezi wa March 1960, pulezidenti Dwight Eisenhower anakumana ndi nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, ku Camp David. Macmillan ankasirira mzinga wina wotchedwa Skybolt, Eisenhower ankafuna doko, basi anamvana. Kunena zoona, Macmillan sanakonde kuti zida zoterezi zikhale pakhomo pa mzinda wa Glasgow, ndipo ankalozera Loch Linnhe, kumpoto kwa anthu ochepa. Amereka anaumirira: ankafuna kufupi ndi bwalo la ndege la Prestwick ndiponso tauni yoti anyamata awo akawongoleko miyendo. Pa 1 November 1960 Macmillan analengeza m'Nyumba ya Malamulo zofuna za alendowo.

Sitima ya USS Proteus inalowa pa 3 March 1961, ndipo patangopita masiku ochepa inatsatira USS Patrick Henry ndi mizinga yake 16. Odana ndi zida za nyukiliya anazichingamira m'timabwato ta nkhafi. M'mwezi wa May chaka chomwecho ena anayesa kukwera m'mbali mwa Proteus, koma anawapirikitsa ndi madzi a m'mapaipi ozimitsira moto.

Dokolo kwenikweni silinali pamtunda. Linali sitima yaikulu, poyamba Proteus ija, yozikika pakati pa madzi, m'kati mwake muli malo osulira zitsulo, okonzera makina, nkhokwe za zida ndi zakudya, ngakhale chipatala cha mano. Sitima zapansi pa madzi zikabwera kuulendo zinkamangiriridwa m'nthiti mwake, ina pambali pa inzake, ngati tiana ta nkhumba pa bere. Chapafupi pankayandama Los Alamos, chidoko chachitsulo chimene anachikoka zidutswazidutswa kuwoloka nacho Atlantic. Ankachidzaza madzi kuti chimire pang'ono, sitima n'kulowa, kenako n'kupopa madziwo mpaka sitima yonse ili poyera, amisiri akuipala kumimba. Sitima iliyonse inali ndi magulu awiri a asilikali, Blue ndi Gold. Lina likavuuka patatha miyezi iwiri osaona dzuwa, linzake linali litatera kale ku Prestwick kudzalandira ntchito. Anthu ankapuma, chitsulo ayi.

Nanga Skybolt uja? Amereka anamuthetsa mu December 1962 asanagwire ntchito. Popepesa anagulitsa Polaris kwa Britain, ndipo sitima zake zinakakhazikika ku Faslane, kuseri kwa mapiri omwewo. Miyezi iwiri Skybolt asanathetsedwe, pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba, anthu a ku Sandbank anangoona nyanja yawo ili mbee, Proteus itathawira kunyanja yaikulu. Anadziwa okha tanthauzo lake. Mu November 1970 moto unabuka m'sitima yaikulu ya nthawiyo, USS Canopus, n'kupha anthu atatu.

Dunoon inadya nawo. Nyumba zinapeza ochita lendi, mabala ankadzaza, matakisi anachuluka mpaka kutchuka, ndipo atsikana ambiri anakwatiwa n'kupita ku America.

Kenako mzinga unakula. Watsopano, Trident, ankafika kutali moti sitima zinkatha kunyamukira kwawo, monga ku Kings Bay ku Georgia, osasowanso pofikira. Soviet Union nayo inagwa mu 1991, ndipo mu 1992 dokolo linatsekedwa. Sitima yaikulu inazula nangula, Los Alamos nayo anaibwezera kwawo. Zaka zingapo pambuyo pake makontirakitala anavuula milumilu ya zitsulo ndi zinyalala zimene zinamira pansi m'zaka 31 zija. Lero ku Sandbank kumakocheza maboti a anthu okonda kuyenda panyanja.