Mpikisano wa Akavalo ndi Anthu a M'mbali mwa Nyanja

Maseŵera othamangitsa akavalo ndi akale zedi. Agiriki anayamba kupikisana pa magaleta okokedwa ndi akavalo m'maseŵera a Olimpiki mu 680 B.C. Koma mpikisano umene ukudziŵika lero unakhwimira ku Mangalande. Mfumukazi Anne inatsegula bwalo la Ascot mu 1711, ndipo mpikisano wa Derby unayamba ku Epsom mu 1780. Kulikonse kumene Angerezi anakafika, anapita nawo maseŵeraŵa. Melbourne Cup inayamba ku Australia mu 1861, Kentucky Derby ku Amereka mu 1875, ndipo Durban July ku South Africa mu 1897.

Funso ndi lakuti: nanga bwanji maseŵera otchuka chotere sanamere mizu kuno kwathu, makamaka kunyanja kwa Atonga, kumene Azungu anafika msanga? Paja Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881.

Chifukwa choyamba chinali matenda. Kavalo ndi chiŵeto chosapirira kumalo otentha ndi achinyontho, pamene dera la Nkhata Bay limalandira mvula yochuluka. M'madera ambiri a m'chigwa munali ntchentche ya kashembe, imene ikaluma kavalo imampatsa nthenda yoondetsa mpaka kufa. Panalinso nthenda ina yoopsa ya akavalo yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi usiku. Kotero kuŵeta kavalo kunyanja kunali kutaya chuma.

Chifukwa chachiŵiri chinali nyanja yomwe. Ulendo wochoka ku Kande kupita ku Usisya unkafuna bwato kapena sitima, pakuti cha kumpoto mapiri amatsetsereka mpaka m'madzi. Pamtunda, Mzungu ankanyamulidwa pa machira, ndipo katundu wake ankasenzedwa ndi amtengatenga. Apa mpofunika kuganizira bwino: ntchito imene kwina inkagwiridwa ndi kavalo, kuno inagwa pa mapewa a munthu. Atonga ambiri analembedwa ntchito ndi kampani ya Mandala, ndipo umu ndi mmene anayambira kuzoloŵera kupita kutali kukafuna ndalama.

Sukulu za mishoni zinaphunzitsa anyamata kuŵerenga ndi kulemba, koma kwawo kunalibe ntchito zokwanira, chonsecho msonkho unkafunika. Motero ambiri anatsikira ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, kumene anakhala makalaliki, ophika, akapitawo ndi okumba migodi. Mmodzi wa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town.

Kumeneko ndi kumene mpikisano wa akavalo unali pachimake. Mu Johannesburg akavalo anayamba kupikisana mu 1887, patangotha chaka golide atapezeka, ndipo bwalo la Turffontein linatchuka kwambiri. Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kunamangidwa bwalo la Borrowdale Park. Pa mabwalo a ku South Africa tsankho linkaonekera poyera: eni akavalo anali Azungu, osamala ndi kutsuka akavalowo anali anthu akuda, ndipo oonerera ankakhala mosiyana potsata khungu lawo.

Chimene chinkakokera anthu ambiri kumabwaloko sichinali liŵiro la kavalo lokha ayi, koma kubetcha. Ichi ndicho chinsinsi cha kutchuka kwa maseŵeraŵa pa dziko lonse. Wantchito wolandira zochepa ankaona ngati tikiti imodzi ingamsandutse mpondamatiki. Koma njuga inakonzedwa kuti eni ake azitapapo gawo lawo nthaŵi zonse, ndipo obetcha akaphatikizidwa onse pamodzi, amataya zambiri kuposa zimene amapata. Kwa munthu wa paulendo chiyeso chimenechi chinali choopsa, popeza ndalama yakeyo ndiyo inkayembekezedwa kumudzi kuti ilipire msonkho, igule ukonde ndi kuphunzitsa ana. Wobwerera chimanjamanja ankachita manyazi, ndipo manyazi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinasandutsa ena machona.

Obwerera kumudzi anadza ndi masuti, njinga ndi makina osokera, koma mpikisano wa akavalo unatsala komweko. Mtima wopikisana unaonekera m'njira zina, monga gule wa malipenga, amene anatengera perete wa asilikali itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Midzi inkapikisana pa kuvina ndi kutchena, ndipo mphotho yake inali ulemu.

Akavalo anadzaoneka ku Kande m'zaka za m'ma 2000, pamene mankhwala ndi katemera wa ziŵeto zinali zitapezeka. Sanabwerere mpikisano, koma kunyamula alendo okaona nkhalango ndi midzi, kenaka nkukasambira nawo m'nyanja. Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mwambo wachilendo sumera paliponse. Nyengo, matenda ndi chuma cha anthu ndizo zimagamula chimene chikhazikike ndi chimene chitsale panjira.