Ufulu wa Chikhristu

Ufulu wa Chikhristu ndi chiphunzitso chakuti munthu amayesedwa wolungama pamaso pa Mulungu mwa chisomo, pokhulupirira Yesu Khristu, osati posunga malamulo a chipembedzo. Maziko ake ali m'makalata a Paulo kwa Agalatiya ndi kwa Aroma. Mkangano unabuka pamene Akhristu ena achiyuda ankaumiriza otembenuka a mitundu ina kuti adulidwe. Msonkhano wa ku Yerusalemu, cha m'chaka cha 49 AD, unagamula kuti mdulidwe usakakamizidwe (Machitidwe 15). Mu 1520 Martin Luther analemba kabuku pa mutuwu. Chotsutsana ndi chiphunzitsochi ndi kudalira malamulo, monga a zakudya ndi masiku opatulika, ngati njira ya chipulumutso. Paulo anachenjezanso kuti ufuluwu si chilolezo chochimwira, koma umaonekera potumikirana mwachikondi.