Khirisimasi ku Japan si tchuthi cha boma

M'dziko muno, pa 25 ndi pa 26 Disembala ndi masiku a tchuthi cha boma. Ku Thyolo chikondwerero cha Khirisimasi chimafika mvula itayamba, tiyi ataphukira kwambiri m'minda ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, ndipo mabanja ambiri amayamba apita kutchalitchi asanadye mpunga ndi nkhuku. Zinthu sizili choncho ku Japan, dziko lomwe lakhala likutumiza anthu ongodzipereka kudzathandiza m'sukulu ndi m'zipatala za m'Malawi kuyambira m'chaka cha 1971.

Ku Japan akhristu alipo pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse. Chikhristu chinafika kumeneko ndi Francis Xavier mu 1549, chinaletsedwa mu 1614, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1873. Kufikira lero, tsiku la 25 Disembala silili pa mndandanda wa masiku a tchuthi, kotero maofesi a boma, mabanki ndi makampani amagwira ntchito mwa nthawi zonse likakhala pakati pa sabata.

Ngakhale zili choncho, anthu amasangalalabe. Misewu ya mizinda ngati Tokyo ndi Osaka imakongoletsedwa ndi magetsi, ana amalandira mphatso, ndipo usiku wa pa 24 Disembala umatengedwa ngati wa anthu okondana. Chakudya chotchuka ndi nkhuku yokazinga, mwambo womwe unafala kampani ya KFC itayamba kuitsatsa ngati chakudya cha Khirisimasi mu 1974. Ambiri amagulanso keke ya kirimu ndi sitiroberi.

Chikondwerero chachikulu kwa anthu a ku Japan ndi cha Chaka Chatsopano. Mabanja amasonkhana kumudzi kwao, mabelu a akachisi a Chibuda amalizidwa ka 108 usiku wa pa 31 Disembala, ndipo m'masiku oyamba a Januwale anthu amapita kukachisi kukapempha mwayi. Maofesi a boma amatseka kuyambira pa 29 Disembala mpaka pa 3 Januwale.

Choncho akuluakulu a m'maunduna ndi m'makhonsolo omwe ali ndi makalata kapena malipoti opita ku Tokyo ayenera kuwatumiza Khirisimasi isanafike. Akachedwa, maofesi a kuno amatseka pamene a ku Japan ali otsegula, ndipo patangopita masiku ochepa a kumeneko nawo amatseka mpaka Januwale.