Timati chimbale, koma nyimbo zathu zinagona pa tepi

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, lero tisiyeko kaye za mitengo ya usipa, tikambe za nyimbo.

Woimba akatulutsa nyimbo zatsopano timati watulutsa chimbale, ngakhale nyimbozo zili mu foni. Ambirife chimbale chenichenicho sitinachigwirepo. Chinali chakuda, chobulungira ngati mbale, chokhala ndi timizere momwe singano ya galamafoni inkadutsa. Dzina linatsala, chinthucho chinapita. Koma nkhani ndi iyi: nyimbo zambiri za Amalawi akale sizinafike n'komwe pa mbale. Zinathera pa tepi.

Sindikunena kaseti ija tinkapota ndi bolopeni ayi. Ndikunena mkulu wake, imene azungu amati reel-to-reel, tepi yochoka pa mkombero wina kukakulungika pa unzake uku mukuiona ikuyenda. Inayambira ku Germany cha m'ma 1935. Kumayiko olemera kuli anthu okonda mawu abwino amene mpaka lero amakangana kuti chomveka bwino n'chiti, tepi kapena mbale. A tepi ali ndi mfundo yolimba. Kuyambira m'ma 1950, woimba ankajambulidwa pa tepi poyamba, mbale n'kudindidwa kuchokera pamenepo, ndiye mbale ndi mwana, tepi ndi mayi. Mu situdiyo tepi inkathamanga masentimita 19 kapena 38 pa sekondi, pomwe kaseti siyikwana ngakhale 5, n'chifukwa chake mawu ake amakhala odzaza chonchija. Mbale nayo imaperepeseka pang'onopang'ono nthawi zonse singano ikadutsa.

Komatu kwa ife mkangano umenewu uli ndi mbali ina. Tepi ili ngati chambo chongovuula kumene, kukoma kulipo koma n'chimodzi ndipo chimafuna chisamaliro. Mbale ndi usipa wouma, umakwera lole n'kumwazikana mpaka mumsika wa Limbe. Nyumba imodzi ikapsa, mbale yomweyo ilipo kwa ena. Tepi ikaonongeka isanakopedwe, basi nyimbo yafa.

Mbale zinalowa kuno ndi agogo athu obwera ku Joni ndi ku Halale, atanyamula galamafoni yopukusa ndi manja. Zinali za 78, zolemera, zosweka ngati phale zikagwa. Nyimbo za kwela za ku South Africa zinafika mu Blantyre kudzera mu njira ngati zimenezi, anyamata n'kuyamba kuzitsanzira ndi zitoliro ndi magitala. Mwa anyamatawo munali Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano kufupi ndi Chileka. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anawapeza akuimba mu mzinda wa Blantyre, n'kuwajambula. Nyimbo zawo zinadzatuluka pa mbale ku Ulaya, ndipo mpaka pano anthu a kutali amazisunga.

Kubik asanabwere, Hugh Tracey anali atazungulira kale Nyasaland ndi makina ake mu 1950, 1957 ndi 1958. Anajambula Amang'anja, Ayao, Achewa, Atumbuka ndi Atonga, anzathu a kunyanja. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University ku South Africa. Pamenepa mtima umagawanika, aise. Mawu a agogo athu ali m'dziko la eni, zoona, komabe alipo, analembedwa bwinobwino, ndipo ambiri anadindidwa pa mbale. Akanakhala kuno, kaya.

Titalandira ufulu mu 1964, nyumba yojambulira nyimbo inali MBC. Woimba wa banjo wochokera ku Thyolo kapena ku Mulanje akafuna kuti dziko limumve, njira inali ya ku Chichiri, pakati pa Blantyre ndi Limbe. Nthawi zina ogwira ntchito pa wailesi ndi amene ankapita kumidzi ndi makina. Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, Michael Yekha, MBC Band yeniyeniyo, dziko linawadziwira pa wailesi imodzi yomweyo. Nyimbo ikajambulidwa, tepi inkaikidwa pa shelefu. Woimba ankabwerera kwawo wopanda chogwira m'manja choti n'kugulitsa. Dziko lonse likuimba nyimbo yako, iwe ukudikira kuti mwina mawa aiyikanso. Bungwe lotolera ndalama za oimba, COSOMA, linadzayamba ntchito mu 1992, ena atakalamba kale.

Kuyesa kunalipo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera kampani ya Nzeru Record Company yomwe inatulutsako mbale za oimba a kuno, koma siinakhalitse. Ogula anali ochepa, poti mbale imafuna galamafoni, pomwe wailesi imangofuna mabatire. Anzathu a ku Zambia anali ndi Teal Record Company ku Ndola yomwe inkadinda mbale komweko. Taonani lero, Zamrock ikumveka dziko lonse lapansi chifukwa anthu anakafukula mbale zakale m'mabokosi n'kuzitulutsanso. Kodi oimba athu anali ochepa luso? Ine ndikukana. Kusiyana kwake n'koti zawo zinamwazikana m'manyumba, zathu zinatsekeredwa mu chipinda chimodzi.

Ndipo chipindacho chinali ndi mwini. Wailesi inali ya boma la chipani chimodzi, ndipo kuyambira 1968 kunali lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu yoletsa zimene sakuzifuna. Ngakhale nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa, nonse mukudziwa chifukwa chake. Mbale yoletsedwa munthu amatha kuibisa pansi pa mphasa. Nanga tepi yomwe ili pa shelefu ya boma, ungaibise pati?

Kaseti itafika, zinthu zinasintha. Masitudiyo ang'onoang'ono anatseguka, ku Balaka kunatuluka nyimbo zankhaninkhani, ndipo sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inasanduka khomo lomwe oimba ambiri ankadutsirapo kuti afike kwa ogula. Kanali koyamba kuti munthu wamba wa ku Makanjira kapena ku Chintheche akhale ndi nyimbo ya Chimalawi yakeyake m'nyumba. Mawu a kaseti anali otsika poyerekeza ndi tepi yaikulu ija, koma panalibe wodandaula.

Matepi a ku Chichiri aja anatsala pa mashelefu, ndipo tepi imadana ndi kutentha ndi chinyontho. Imamera nkhungu, ina imamatana, ina imayoyoka ukangoiyendetsa. M'zaka za m'ma 2010, ndi thandizo la dziko la Norway, ntchito yosamutsira nyimbozi mu kompyuta inayamba, ndipo maina a Waliko Makhala wa ku MBC ndi Sigbjørn Nedland wa ku Norway ndi amene anamveka kwambiri. Ntchito yake ilibe chidule. Tepi ya ola limodzi imafunika ola lathunthu kuti ikopedwe, pa makina akale omwe zipangizo zake n'zosowa, wina atakhala pomwepo kumvetsera ndi kulemba kuti akuimbayo ndani.

Ngati kwanu kuli mbale m'bokosi la agogo lija anabwera nalo ku Joni, musaisandutse chovundikira ndowa. Musaiyike padzuwa, imapindika. Iimikeni chilili, pamalo pouma, ndipo jambulani ndi foni kapepala kali pakatipo, maina aoneke bwino, mutumize mu gulupu muno.