Pampu ya thonje m'nyumba mwa ambuya

Chaka china, mvula isanagwe, kunabwera mnyamata pakhomo pa ambuya anga ku Lundazi, pampu ili kumsana. Anati akupha udzudzu, chipinda chilichonse K20. Ambuya anamasula mfundo ya pachitenje nkumulipira. Usiku umenewo tonse tinagona panja, mitu ikuwawa. Anali mankhwala a mbozi za thonje. Palibe amene anamufunsa pepala, ndipo inenso sindinkadziwa kuti pepala lotere liliko.

Nkhondo yolimbana ndi udzudzu m'dziko lino sinayambire kumudzi, inayambira kumigodi. Cha m'ma 1930 malungo ankamaliza antchito pa mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, mpaka eni ake anaitana Malcolm Watson, amene anawalangiza kuumitsa madambo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera DDT, wopopera m'makoma a nyumba. Ankalipira ndi migodi ndi makhansolo a m'matauni, motero mankhwala ankafika pokhapo pamene panali ndalama. Kuno kwathu, masiku amene DC Errol Button ankamangitsa Castle, anthu akumidzi ankangofukiza masamba. Mtengo wa kopa utagwa, kupopera kunazilala m'ma 1980. Kampani ya Konkola Copper Mines inakuyambitsanso mu 2000 ku Chingola ndi ku Chililabombwe, boma nkutsatira mu 2003.

Malamulo anabwera mochedwa kuposa pampu. Lamulo la 1990 linakhazikitsa Environmental Council of Zambia, ndipo la 2011 linasandutsa bungwelo kukhala ZEMA. Malinga ndi malamulo a malaisensi a 2013, wofuna kuitanitsa, kusunga, kunyamula kapena kugawa mankhwala ophera tizilombo ayenera kukhala ndi laisensi ya ZEMA, ndipo amailipirira. Mitengo yake salemba m'makwacha koma m'ma "fee unit", kuti boma likakweza mtengo wa yuniti imodzi, zonse zikwere pamodzi.

Chimene chinandidabwitsa nchakuti wopopera wa boma sagula laisensi m'thumba mwake. Amasankhidwa m'dera lomwelo, amaphunzitsidwa, nkugwira ntchito pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Amavala ovolosi, majombo, magolovesi ndi chophimba kumaso, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Madzulo amatsuka pampu pa dzenje lokonzedwa ndi makala ndi miyala, kuti poizoni asalowe m'zitsime. Mayi woyembekezera saloledwa kupopera. Ndipo mwini nyumba salipira ngakhale ngwee imodzi.

Ndinafotokozera ambuya zonsezi. Opopera enieni atafika chaka chotsatira, zovala zawo zonse zili m'thupi, ambuya anakhoma chitseko nkupita kudimba. Ndinachita kutulutsa ndekha miphika, ufa ndi ndowa zamadzi, ndipo atabwerako sanandilankhule mpaka nsima ya madzulo.