Mmene Pepala Linayambira Kulembetsa Anthu Ntchito

Makolo athu sankafunsana mapepala. Wosula ankadziwika ndi khasu limene wasula, ndipo mwana ankatola lusolo akupukusa mvukuto wa amalume ake. Ngakhale sukulu za mishoni zitayamba mu 1875, cholinga chachikulu chinali kuwerenga Baibulo.

Ine ndimakhulupirira kuti zinthu zinasinthira ku Khondowe. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula kumeneko sukulu ya Overtoun Institution, ndipo anyamata ochokera kutali ankaphunzira uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, ngakhalenso kutumiza mauthenga pa lamya. Womaliza maphunziro ankatuluka ndi satifiketi imene inkamulankhulira kwa bwana amene sanamuonepo n'kale lonse. Chatsopano chinali chimenecho: munthu sankafunikanso mboni ya kumudzi kwawo. Nyasaland inalibe ntchito zokwanira anthu oterewa, motero ambiri analowera ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, kumene anakakhala makalaliki ndi akapitawo. Clements Kadalie, amene anaphunzira uphunzitsi ku Khondowe komweko, anakafika mpaka ku Cape Town n'kuyambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Ambiri amatamanda Laws, ndipo n'zomuyenera. Koma kwa ine ulemu waukulu upite kwa anyamatawo, chifukwa khama lawo ndi limene linachititsa mabwana akunja kukhulupirira pepala la ku Khondowe. Boma la atsamunda ndiye sindikulionera choyamikira: sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inadzatsegulidwa mu 1940, nayonso ndi mphamvu za amishoni.

Ufulu utabwera, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, koma kwa zaka zambiri JCE yokha inkakwanira kuti munthu alowe ntchito m'boma. Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana oposa miliyoni anawonjezereka m'makalasi, ndipo boma linalemba masauzande a aphunzitsi osaphunzira uphunzitsi. Mapepala anachuluka, ntchito ayi. Lero wofuna kugulitsa m'sitolo akufunsidwa MSCE, wadigiri akugulitsa kaunjika, ndipo wolemba ntchito wasandutsa pepala chosefera makalata ambirimbiri amene adzaza tebulo lake. Chimene chimandiwawa ndi makaniko wa ku Ndirande amene amazindikira vuto la injini pongoimva kulira, koma kalata yake yofunsira ntchito siidutsa ngakhale pageti.