Sitima Zomira pa Zambezi ndi pa Nyanja ya Malawi

Dera lamapiri la Angónia ku Mozambique lili pakati pa madzi aakulu awiri, mtsinje wa Zambezi kummwera ndi nyanja ya Malawi kumpoto chakummawa. Madzi onsewa anamezapo sitima.

Pa Zambezi, yodziwika kwambiri ndi Ma Robert ya David Livingstone, yomwe inafika mu 1858. Inali sitima yovutitsa eni ake. Inkatha nkhuni zambiri, zitsulo zake zinadyeka msanga ndi dzimbiri, ndipo madzi ankalowa. Italephera kukwera mathithi a Cahora Bassa kumtunda kwa Tete, Livingstone anakhotera mumtsinje wa Shire. Mu Disembala 1860 sitimayi inatitimira pamchenga n'kumira mu Zambezi momwemo.

Nyanja ndiyo inapha anthu. Mu 1895 bwato la Bishopu Chauncy Maples linagubuduzika ndi mphepo, iye n'kumira, ndipo sitima ina ya mishoni inapatsidwa dzina lake. Koma ngozi imene mpaka lero ilibe inzake panyanjayi ndi ya Vipya. Sitimayi, ya kampani ya Nyasaland Railways, inali yatsopano, itangoyenda maulendo ochepa chabe. Pa 30 Julayi 1946 inanyamuka ku Mbamba Bay kulowera ku Florence Bay, tsidya la Chitimba, nyanja itakalipa kale. Mafunde anaimenya cham'mbali, inapendekeka, ndipo inamira mwamsanga pafupi ndi kumene inkapita. Anthu 145 anafa, ambiri a iwo Aafirika amene anali m'zipinda za pansi, kumene kunali kovuta kutulukako.  Chimene chinatayika ndi anthu apaulendo ndi antchito a m'sitimamo, ndipo ambiri sanaikidwe m'manda a kwawo.

Chikumbutso cha zonsezi chili ku Mangochi. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pali chikwangwani cha omwe anafa pa Vipya. Pomwepo palinso mfuti yaikulu ya Guendolen, sitima yankhondo ya Angerezi imene mu Ogasiti 1914 inawombera ndi kulemaza Hermann von Wissmann ya Ajeremani ili pagombe ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. M'nyumba yosungira mbiri ya Lake Malawi Museum amisiri anamanga chifaniziro cha mbali yakutsogolo ya Guendolen ndi poimirira woyendetsa. Ntchito yamanja yotereyi ndi yofunika zedi, pakuti sitima yeniyeniyo inaphwasulidwa kale, ndipo mwana wasukulu sangaione kwina.

Malo a Vipya anatengedwa ndi Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland, kulumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951.